"Kindly double confirm and revert": cholakwika chili pati, ndipo tizilemba bwanji?

Mlembi_wa_ku_Limbe:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo komanso funso. Ndimagwira ntchito ya ulembi pakampani ina yoitanitsa katundu kunja. Sabata yatha tinalipira theka la ndalama kwa otigulitsa katundu a ku Manchester, ndipo ndinawatumizira risiti ya kubanki pamodzi ndi mawu awa: "Kindly double confirm me if the POP is well received and revert soonest." Mayi wa kumeneko anayankha mwaulemu ndithu, koma yankho lake linali funso. Akuti sanamve ngati ndikufuna aone imelo, aone kubanki kwawo, kapena abweze ndalamazo. Kubweza ndalama! Katundu anachedwa kunyamuka chifukwa chongobwezerana maimelo. Chikundiwawa n'choti ofesi yathu yonse imalemba chonchi, ndipo makampani a m'tauni muno amatimva bwinobwino. Ndiye vuto lili pati? Nanga ndikafuna kuuza munthu kuti "taonani ngati ndalama zafikadi, mundiuze", ndilembe bwanji?

Kabaza265:
Ine ndawerenga kamodzi ndipo ndamva zonse. Vuto ali nalo ndi mayiyo, osati inu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Amlembi, mayiyo sanachite mwano ayi. M'chiganizo chanu chimodzicho muli malo angapo pamene munthu wa ku England angapunthwe.

Ndiyambe ndi "confirm me". Ife timati "munditsimikizire", ndipo ka "ndi" kaja kamakhala m'kati mwa mneni popanda vuto lililonse. Tikayamba kulemba Chingerezi timakanyamula kaja n'kukaika kumapeto. Koma kwa iwo, chimene chimatsatira "confirm" ndi chinthu chimene chikutsimikizidwa, osati munthu amene akuuzidwa: "confirm the date", "confirm the amount", "confirm that you have received it". Mukaika munthu pamenepo tanthauzo limasintha. Munthu amachitidwa "confirm" akamakhazikitsidwa paudindo atatha miyezi yomuyesa pantchito, kapena kutchalitchi polandira Ulimbitso.

"Well received" ndiye msampha umene umakola ambiri. Ife timaganiza kuti tikunena kuti "chafika bwino". Kwa iwo zikutanthauza kuti anthu achikonda, achiyamikira. "The speech was well received" ndiye kuti anthu anaomba m'manja. Choncho inu munafunsa ngati risiti yanu yawasangalatsa.

"Revert" m'Chingerezi cha ku Britain ndi kubwerera mmene zinalili kale. Likakhala pafupi ndi nkhani ya ndalama, munthu sangalephere kuganiza za kubweza. Ndipo "double confirm" iwo alibe. Ali ndi "double-check", kuonanso kachiwiri, komanso "confirm", kuvomereza kuti inde zili choncho. Awiriwa anaphatikizidwa kukhala amodzi.

Akauntanti_BT:
Aphunzitsi amaliza zonse, ine ndingowonjezera za POP, kutanthauza "proof of payment", umboni woti mwalipira. Chidule chimenechi n'chodziwika kuno ndi ku South Africa, koma musayembekezere kuti aliyense kunja achidziwa. Lembani mawu onse. Imelo ija ndikanailemba chonchi:

"We paid GBP 4,000 into your account on 12 March for invoice 218. Proof of payment is attached. Please check your account and let me know by Friday whether the money has arrived."

Taonani kuti mulibemo liwu lalikulu ngakhale limodzi. Muli ndalama zingati, tsiku liti, za invoisi iti, iye achite chiyani, ayankhe liti. Ndalama ndi tsikuzo ndangopeka, muikepo zanu.

Mlembi_wa_ku_Limbe:
Zikomo a Akauntanti. Koma sizikumveka ngati ndikumulamula? "Kindly" uja mwamuchotsa.

Akauntanti_BT:
"Please" akukwanira. Ndipo kwa Angerezi ambiri "kindly" amamveka ngati wa munthu amene wayamba kutopa nawe, wa zikwangwani zoletsa zinthu. Ife timamuika pofuna ulemu, iwo nthawi zina amamva ngati tikuwadzudzula.

Nachisale_Area25:
Ine ndikutsutsako pang'ono. N'chifukwa chiyani nthawi zonse ife ndiye tiziwongoledwa? "Revert" potanthauza kuyankha amalemba anthu mamiliyoni ku India, ku Singapore, ku Nigeria, ngakhale ku Johannesburg, mpaka madikishonale ena akuluakulu analilemba kale kuti ndi Chingerezi cha ku India. "Double confirm" ku Singapore ndi ku Malaysia ndi mawu a tsiku ndi tsiku. "Do the needful" amene anthu amamuseka lero anachokera kwa Angerezi eni akewo kalekale, iwo anamusiya, ena anamusunga. Olankhula Chingerezi ambiri padziko lapansi lero si Angerezi. Ndiye mayi wa ku Manchester amene amachita malonda ndi Africa, naye aphunzireko kumva mmene makasitomala ake amalembera. Timawapatsa ndalama ndife.

Kabaza265:
Apo mwalasa achemwali.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi Nachisale, zonse mwanenazo n'zoona, ndipo sindinanene kuti Chingerezi chathu n'chauve. Ndaphunzitsa ana ambiri ndipo ndikudziwa mmene mwana amafotera ukamamuseka pa kalankhulidwe. Koma funso la Amlembi silinali la ulemu wa mtundu wathu. Katundu wawo anachedwa. Kalata ya ntchito imalembedwa kuti wolandira achite chinthu, ndipo akapanda kumva, wovutika ndi wolemba. Komanso taganizani izi: chiganizo cha a Akauntanti chija achimva wa ku Manchester, wa ku Mumbai, wa ku Guangzhou ndi wa ku Limbe yemwe. Cha "double confirm and revert" achimva ena okha. Sitikusankha Chingerezi cha azungu, tikusankha chimene chimafika kwa anthu ambiri.

Nachisale_Area25:
Pamenepo ndikuvomera theka. Bola tisamauze ana athu kuti ndi mbuli chifukwa alemba "revert". Tiwauze kuti liwuli lili ndi malire a kumene limamveka. Komanso eni akewo nawo amalemba zosamveka. Ku Britain kuli gulu la Plain English Campaign limene linayamba mu 1979 chifukwa mafomu a boma lawo lomwe anthu sankawamva. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo mu 2010 lokakamiza maofesi a boma kulemba momveka. Matendawa si athu okha.

Joni_Kempton:
Ngakhale kuno ku Joni lamulo loteteza ogula la 2008 limanena kuti zikalata zopita kwa kasitomala zilembedwe m'chilankhulo chosavuta kumva. Koma mukaona makalata a maofesi ena mungalire. "Kindly revert" ndiye ali paliponse, nanenso ndimalemba ndikamalembera anthu a konkuno chifukwa amamva.

Mai_a_Mapasa:
Pepani ndilowe ndi funso langa. "Confirm" ndi "verify" zimasiyana bwanji? Kuntchito abwana amati "verify the list", tsiku lina "confirm the list", ine ndimangochita zofanana.

Akauntanti_BT:
Funso limenelo ndiye mtima wa nkhani yonseyi, Amayi. M'Chichewa tili ndi liwu limodzi, kutsimikiza, limene limanyamula ntchito ziwiri. Chingerezi chinazigawa.

Tiyerekeze mukugula thumba la chimanga. Mukufunsa wogulitsa, "Limeneli ndi la makilogalamu 50?" Iye akuti, "Eya, ndi 50." Ameneyo wachita "confirm". Wangovomereza ndi pakamwa zimene munali nazo kale m'maganizo. Inu mukalinyamula thumbalo n'kuliika pasikelo, mwachita "verify". Simukudaliranso mawu a munthu, mwapita pa umboni.

Ndiye abwana akati "verify the list of beneficiaries", akufuna mutenge mndandandawo muuyerekeze ndi china chodalirika: ziphaso za unzika za NRB, kaundula, masiginecha. Akati "confirm the list", kawirikawiri akufuna munene kuti mndandanda umenewu ndi womaliza, sudzasinthanso. Ntchito yoyamba ingakutengereni tsiku lonse, yachiwiri mphindi imodzi. Ngati simukudziwa chimene akufuna, afunseni: "Should I check each name against the ID, or just tell you the list is final?"

Ndipo polemba lipoti musangoti "verified". Nenani kuti mwayerekeza ndi chiyani. "I checked all 60 names against the national IDs. Three do not match." Pa ntchito yathu ya zowerengera ndalama, liwu loti "verified" lopanda kunena umboni wake silitanthauza kanthu.

Mai_a_Mapasa:
Ndiye kuti masiku onsewa ndimagwira ntchito ya tsiku lonse pomwe ankangofuna "eya". Zikomo kwambiri.

Oditala_Wamng'ono:
Ndiwonjezere pang'ono pa zimene akulu anga anena, kuti wina asaganize kuti "confirmation" nthawi zonse ndi yopepuka. Pa oditi pali chimene timatcha "external confirmation", chili mu ISA 505, umodzi mwa miyezo imene maoditala amatsatira. Timalembera banki kapena munthu amene ali ndi ngongole ndi kampani, ndipo iye amayankha kwa ife mwachindunji, osadzera kwa amene tikumuunikayo. Banki ikuchita "confirm", koma kwa ife imeneyo ndi njira yochitira "verify". Mphamvu yake yagona poti wovomerezayo ndi wapadera, alibe chifukwa chonamizira. Ndiye funso lofunika ndi lakuti: akuvomereza ndani, ndipo iye wadziwa bwanji?

Nesi_ku_Leeds:
Nkhani iyi yandikhudza. Kuno muwodi mawu amenewa ndi moyo wa munthu. Dokotala akakuuza mlingo wa mankhwala pafoni, sumangoti "okay" kapena "noted". Umabwereza zonse mokweza, dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mlingo, nthawi, ndiye iye amati inde. Mankhwala ena amafuna manesi awiri, aliyense aone payekha, ndipo amati "second check". Sindinamvepo wina akuti "double confirm". Amati "Can you check this with me?" basi. Chimene ndinaona nditangofika n'choti anzathu akuno amagwiritsa ntchito mawu ang'onoang'ono, "check", "tell me", "let me know", "make sure". Ife a MSCE timabwera ndi "ascertain" ndi "authenticate" m'thumba, poganiza kuti liwu lalitali ndiye Chingerezi chabwino.

Mphunzitsi_Wopuma:
Apo mlandu ndi wa kaphunzitsidwe. Kalata ya ntchito timaiphunzitsa ngati nyimbo yoloweza, ndipo mwana amaona kuti mawu olemera ndiwo amabweretsa malikisi. Poti popanda kukhoza Chingerezi sitifiketi ya MSCE sutenga, amaloweza ndithu. Akalowa muofesi amapeza mafayilo akale odzaza ndi "I hereby wish to confirm to have received", n'kumakopera.

Joni_Kempton:
"Noted" amene mwatchulayu a Nesi ndiye amandipweteka mutu. Ndinalembera munthu wina amene amanditumizira katundu kumudzi kuti tsiku lasintha, katundu anyamuke Lachinayi osati Loweruka. Anayankha "Noted." Ine ndinati basi tagwirizana. Lachinayi galimoto kulibe. Pomufunsa akuti "ndinangoti ndaona uthenga, sindinati nditha." Ndipo kunena zoona sananame.

Wa_Ndege_KIA:
Zimenezo kwa oyendetsa ndege anazikonza kalekale, ndipo anazikonza atataya anthu. Pawailesi ya ndege liwu lililonse lili ndi ntchito imodzi. "Roger" ndiye kuti ndamva uthenga wako wonse, osati inde. "Affirm" ndiye inde. "Wilco" ndiye ndamva ndipo ndichita. "Confirm" ndi funso, ndikufuna unditsimikizire chakuti. Malangizo ofunika woyendetsa amawabwereza kuti wa pansanja amve ngati afika molondola.

Pa 27 March 1977 pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife ku Spain, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pamsewu wonyamukira muli chifunga, ndipo anthu 583 anamwalira. Zifukwa zinali zingapo, koma china mwa izo chinali mawu osamveka bwino pawailesi. A mu ndege ya KLM ananena mawu oti "at takeoff", wa pansanja anayamba kuyankha ndi "OK", ndipo mbali yotsala ya uthenga wake, youza ndegeyo kuti idikire, inasokonezeka chifukwa ndege inayo inalankhula nthawi yomweyo. Kuchokera pamenepo liwu loti "takeoff" limanenedwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka, nthawi zina zonse amati "departure". Ndikamaona "noted" mu imelo ndimakumbuka "roger": wamva, koma sanalonjeze.

Kabaza265:
Koma abale, tachoka pa risiti ya ku Limbe tafika pa ndege zakugwa?

Wa_Ndege_KIA:
Nkhani ndi imodzimodzi achimwene. Wina akuganiza kuti wavomerezedwa pomwe mnzake wangoti ndamva.

Akauntanti_BT:
A Joni, mankhwala a "noted" ali m'funso lanu. Musafunse funso limene munthu angathawe ndi liwu limodzi. Lembani: "Can you collect on Thursday instead of Saturday? Please reply yes or no." Nanunso mukamayankha ena, sankhani chimene mukutanthauza. Ngati mwangolandira: "I have received your message and will reply on Monday." Ngati mwavomera: "Yes, Thursday is fine." Ngati mwachita kale: "Done. I sent it this morning."

Mtsikana_wa_Poly:
Ndithandizeni inenso. Ndikufunsira sukulu kunja ndipo akuti nditumize "certified copies". Mnzanga akuti ndipite ku MANEB akachite "verify". Wina akuti ndi "notarise". Ndasokonezeka, ndi chinthu chimodzi?

Loya_Wa_Mawa:
Si chimodzi, ndipo anthu amataya ndalama ndi nthawi posakaniza zimenezi.

"Certified copy" ndi fotokope imene munthu wovomerezeka, monga loya amene ndi Commissioner for Oaths kapena majisitireti, waiyerekeza ndi pepala lenileni, n'kudinda ndi kusaina. Iye akungochitira umboni kuti fotokopeyi ikufanana ndi chimene wachiona ndi maso. Sakunena kuti sitifiketiyo ndi yeniyeni. Ku Britain mawu amene amalembapo amanena zimenezi poyera: "Certified to be a true copy of the original seen by me." Ndiye pitani ndi sitifiketi yeniyeniyo, osati fotokope yokha.

"Verification" ya zotsatira ndi pamene bungwe limene linapereka sitifiketi, monga MANEB ku Zomba kapena yunivesite yanu, liyang'ana m'kaundula wake n'kunena kuti inde munthuyu analemba mayeso ndipo anapeza zakutizakuti. Apa ndiye pamagwidwa masitifiketi achinyengo.

"Notarise" ndi ntchito ya notary public, munthu wopatsidwa mphamvu yapadera yochitira umboni ndi kudinda zikalata, amene si loya aliyense. Pamwamba pake pali "apostille", chidindo cha boma chimene chinabwera ndi pangano la ku Hague la 1961, chotsimikizira siginecha ndi chidindo cha amene anasaina chikalata kuti chivomerezeke m'maiko ena a m'panganolo.

Palinso china chosiyana ndi zonsezi: kuyeza kuti pepala lanu likufanana ndi mlingo uti wa maphunziro a dziko linalo. Ku South Africa amachita ndi SAQA, ku Britain ndi UK ENIC imene kale inkatchedwa UK NARIC.

Ndiye werengani bwino liwu limene alemba. Ngati mukukayika alembereni: "Do you need a copy stamped by a lawyer, or confirmation sent directly from the examination board?"

Mtsikana_wa_Poly:
Alemba "certified copies of your transcripts and certificates". Ndiye kuti kwa loya basi?

Loya_Wa_Mawa:
Kawirikawiri inde, koma onani ngati anena amene akuloledwa kudinda. Sukulu zina zimafuna chidindo cha yunivesite imene munaphunzira, osati cha loya.

WakuChipata:
Kuno ku Zambia ndi chimodzimodzi. Zotsatira za Grade 12 amatsimikiza a ECZ, bungwe lathu la mayeso, mapepala apamwamba amadutsa ku ZAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro. Anthu amangoti "nikachite certify" pa zonse, ndiye wina amapita kokadinditsa fotokope pomwe olemba ntchito akufuna kalata yochokera ku ECZ. Amabwezedwa pa tsiku lomaliza.

Mlamu_wa_ku_Tete:
Ife kuno timalimbana ndi Chipwitikizi, koma kusiyana kwake n'komweko. "Fotocópia autenticada" ndi kwa notário, pomwe "confirmar" ndi kungovomereza. Ndikamalembera a ku Malawi m'Chingerezi ndimapeza kuti "check" amandipulumutsa nthawi zambiri.

Agent_pa_Msika:
Poti mukukamba za kutsimikiza ndalama, ndichenjezeko anthu. Pa ntchito yanga ya Airtel Money ndi Mpamba liwu la tsiku lonse ndi "mwakomfema?" Kasitomala amandionetsa meseji pafoni yake kuti watumiza. Meseji imeneyo si umboni. Akuba amalemba meseji yofanana ndendende ndi ya kampani, kenako amaimba kuti "ndatumiza molakwitsa, ndibwezereni." Ine sindipereka ndalama mpaka nditaona balansi pafoni yanga, *211# kapena *444#. Ngati balansi sinakwere, palibe chafika, ngakhale meseji ikongole bwanji.

Mai_a_Mapasa:
Mayi anga anawabera choncho kumudzi. Anabweza ndalama zimene sizinabwere n'komwe. Mpaka lero akamva foni ikulira meseji mtima umagunda.

Agent_pa_Msika:
Pepani Amayi. Muwauze kuti wina akaimba choncho adule foni, aone balansi, ndipo ngati ndalama zabweradi molakwika, wotumizayo aimbire kampani ndiyo ibweze. PIN asauze munthu, ngakhale anene kuti ndi wa kuofesi.

Akauntanti_BT:
Zimene a Agent anenazi zikutibwezera kwa Amlembi. Risiti imene munatumiza ija ili ngati meseji ya kasitomala: ikusonyeza kuti inu mwatumiza, osati kuti iwo alandira. N'chifukwa chake mayi uja anafunsa. Kulandira imelo yokhala ndi risiti n'kwina, kuona ndalama mu akaunti n'kwinanso, ndipo ndalama zopita kunja zimatha kutenga masiku angapo. Mukanafuna choyambacho mukanati "Please confirm that you have received this email." Mukufuna chachiwiri, ndiye "Please let me know when the money reaches your account."

Ndipo chenjezo lina kwa onse olipira kunja: mukalandira imelo yoti ogulitsa asintha akaunti yakubanki, musafunse pa imelo yomweyo kuti "please confirm", chifukwa ngati ndi wakuba adzakuyankhani kuti inde. Imbani pa nambala imene munali nayo kale.

Nachisale_Area25:
Apa ndiye ndagonja pa mbali ya ndalama. Koma pa WhatsApp ndi anzanga "revert" wanga sindimusiya.

Mphunzitsi_Wopuma:
Musamusiye Mayi, kumeneko ali kwawo.

Mnyamata_wa_IT:
Funso laling'ono. "Cross-check", "countercheck" ndi "reconfirm" ndi mawu enieni kapena nawonso ndi opanga tokha? Komanso "validate" amalowa pati? Pa mafomu a pakompyuta timati "validation" tsiku lililonse.

Mphunzitsi_Wopuma:
Onse ndi enieni. "Cross-check" ndi kuona chinthu poyerekeza ndi gwero lina, ndipo amayenda ndi "against" kapena "with": "cross-check the totals against the receipts". "Countercheck" alipo koma amamveka kwambiri kuno ndi kum'mawa kwa Africa, kwina sakonda kumugwiritsa ntchito, ndiye ine ndingasankhe "cross-check" kapena "check again". "Reconfirm" ndi kuvomerezanso chimene chinavomerezedwa kale. Akuluakulu akukumbuka nthawi imene unkayenera kuimbira kampani ya ndege masiku angapo ulendo usanafike kuti mpando wako usaperekedwe kwa wina. Ndiye amene amalemba "double confirm", kawirikawiri akufuna "reconfirm" ngati akupempha mnzawo avomerezenso, kapena "double-check" ngati akupempha kuti aonenso bwino. "Validate" ndikusiyirani inu a makompyuta.

Oditala_Wamng'ono:
Pa fomu ya pakompyuta, "validation" imaona ngati chimene walemba chili m'maonekedwe oyenera, mwachitsanzo nambala ya foni ili ndi manambala okwanira. "Verification" ndi pamene akutumizira kakhodi pafoni kuti aone ngati nambalayo ndi yakodi. Nambala itha kudutsa poyamba n'kukanika pachiwiri. Kwa mainjiniya amagawa mwina: "verification" ndi kuona ngati chinthu chapangidwa motsatira pulani, "validation" ndi kuona ngati chikugwira ntchito imene wochifuna ankafuna. Mu imelo wamba ndi bwino kungolipewa liwuli.

Mnyamata_wa_IT:
Zamveka. Nanga "confirm if" ndi "confirm that"?

Mphunzitsi_Wopuma:
"Confirm that" ndi pamene mukuyembekezera inde: "Please confirm that the meeting is at 10." Ngati simukudziwa yankho, "whether" ndiye woyenera, ndipo "let me know whether" amamveka bwino kuposa "confirm if". Palinso "I confirm to have received" amene ali m'makalata ambiri a m'maofesi. Lembani "I confirm that I have received", kapena mwachidule "I have received".

Mlembi_wa_ku_Limbe:
Abale, zikomo nonse. Lero timalipira theka lotsala ndipo ndalemba motsatira a Akauntanti: ndalama, tsiku, nambala ya invoisi, kenako "Please let me know when the money reaches your account, and confirm the date the goods will leave your warehouse." Mayi uja wayankha lero lomwe kuti aona kubanki mawa m'mawa ndipo watchula tsiku la katundu. Tsopano vuto latsala ndi abwana anga. Ataona imelo akuti ndi yowuma, ikuoneka ngati yolembedwa ndi mwana wa pulayimale, ndibwezeretse "kindly" ndi "at your earliest convenience". Ndiwayankhe bwanji osaoneka wamwano?

Akauntanti_BT:
Musatsutsane nawo pa galamala, simupambana. Aonetseni maimelo awiriwo ndi mayankho ake, wakale ndi walero, aone okha. Ngati akufuna ulemu, uikeni koyambirira ndi kumapeto: "I hope you are well" pamwamba, "Thank you for your help" pansi. Pakati, pamene pali ndalama ndi masiku, pasiyeni poyera. "At your earliest convenience" yekhayo muwapemphe kuti alowedwe m'malo ndi tsiku lenileni, chifukwa kwa wolandira amatanthauza "mukapeza mpata".

Nachisale_Area25:
Ndipo muwauze muli awiri, osati pamaso pa ofesi yonse. Mawu amenewo iwo anawaphunzira movutikira, ndipo awathandiza zaka zambiri.

Mlembi_wa_ku_Limbe:
Ndichita choncho mawa tisanayambe ntchito. A Loya, ndikufunsani padera za kalata ya umwini wa kampani imene a ku Manchester akufuna "certified", sindikudziwa ngati ndi ya loya kapena ya kwa Registrar.

Loya_Wa_Mawa:
Afunseni kaye kuti akufuna chidindo cha ndani, ndipo ngati akufunanso apostille. Mukalandira yankho lawo mulitumize pompano, ena aphunzireponso.